Wofuna umeya atiuze kaye komwe ndalama zichokere

Chisankho cha mfumu ya mzinda chikayandikira, aliyense wofuna mpandowo amabwera kwa ovota atanyamula zinthu ziwiri. Choyamba ndi mbiri yake, yofotokoza komwe adabadwira, masukulu amene adaphunzirako, bizinesi imene adaiyambitsa ali chimanjamanja, ndi ana ovutika amene adawalipirira sukulu. Chachiwiri ndi masomphenya ake, omwe kawirikawiri amakhala mzinda waukhondo, misewu yopanda maenje, magetsi a mumsewu oyaka usiku wonse, misika yamakono ndi ntchito za achinyamata. Mutatenga timabuku ta malonjezo ta opikisana asanu n'kuphimba maina ndi zithunzi, zingakuvuteni kudziwa kuti aka n'ka yani, chifukwa palibe munthu amene amakwera pa nsanja kukalonjeza mzinda wauve. Mbiri nazonso zimafanana, pakuti aliyense adakulira m'mavuto ndipo aliyense amaukonda mzindawo kuposa anzake onse.

Mbiri ndi masomphenya zili ndi ntchito yake, koma ovota ambiri, ngakhalenso atolankhani amene amafunsa mafunso pa mtsutso, timaziwerenga poyang'ana mbali yosathandiza. M'mbiri ya munthu, chimene chiyenera kutikhudza n'chakuti kodi adayendetsapo ntchito ya ndalama za anthu ena, pamodzi ndi anthu amene iye analibe mphamvu yowachotsa ntchito, mpaka ntchitoyo kutha. M'masomphenya ake tiyenera kufunafuna chiganizo chonena komwe ndalama zichokere, china chosonyeza kuti akudziwa malire a mphamvu za udindowo, ndi china chotchula anthu amene adzadandaule lonjezolo likadzayamba kukwaniritsidwa. Kabuku kopanda ziganizo zimenezi kamangotibwerezera zomwe tonse timalakalaka kale.

Nkhani ya ndalama ndiyo imathawidwa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Khonsolo ya mzinda imapeza ndalama m'njira zochepa: msonkho wa malo ndi nyumba, ziphaso za malonda, zolipira za m'misika ndi za malo oimikapo magalimoto, gawo lochokera ku boma lalikulu, ndipo nthawi zina thandizo kapena ngongole zochokera kunja. Mwa zonsezi, zimene meya ndi makhansala ake angazikulitse ndi manja awo ndi zitatu zoyambazo, ndipo zonse zimatuluka m'matumba a anthu omwewo amene akupemphedwa voti. N'chifukwa chake wopikisana akafunsidwa za ndalama amathamangira kutchula mabungwe akunja ndi amalonda akuluakulu amene akuti adalankhula nawo kale. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama zimene mzinda ungadalire pogula mafuta a magalimoto otola zinyalala ndi kulipira osesa mumsika mwezi ndi mwezi ndi zimene umatolera wokha, pakuti wothandiza wakunja amakonda kumanga chinthu chatsopano choti ajambulitsepo chithunzi, ndipo sakhala nawo chaka chachitatu pamene chinthucho chafuna kukonzedwa.

Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone ukuonetsa bwino mfundo imeneyi. Yvonne Aki-Sawyerr adapambana umeya mu 2018, patangopita miyezi yowerengeka chichitikireni ngozi ya mu Ogasiti 2017, pamene phiri lidagumuka ku Regent ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mayiyu ndi katswiri wowerengera ndalama amene adagwira ntchito zaka zambiri ku London, ndipo pa nthawi ya mliri wa Ebola adabwerera kwawo n'kukhala mkulu wokonza mapulani ku likulu lolimbana ndi matendawo. Pa mbali ziwirizi za mbiri yake, ya ku London ndiyo inkamveka bwino pa nsanja, koma yachiwiriyo ndiyo inali ndi phindu kwa ovota, chifukwa kumeneko adagwira ntchito ndi asilikali, azachipatala, mabungwe akunja ndi akuluakulu a boma omwe ambiri a iwo sanali pansi pake. Ndondomeko yake ya Transform Freetown, imene idakhazikitsidwa mu Januwale 2019, inali ndi zolinga 19 m'magawo 11, zolembedwa moti munthu akhoza kubwera pakutha pa chaka n'kuona ngati zatheka kapena zalephereka.

Kunja kwa dziko lake amatchuka kwambiri ndi lonjezo lobzala mitengo 1 miliyoni, koma chimene chidasintha khonsoloyo ndi ntchito yosasangalatsa yolembanso kaundula wa nyumba zolipira msonkho. Kaundula wakale adasiya kunja nyumba zambirimbiri, ndipo mitengo imene inali m'menemo inali yachikale. Khonsolo idagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti poyeza kukula kwa denga lililonse, kenaka idatumiza anthu atanyamula mafoni kuti akaime pa nyumba iliyonse n'kulemba zooneka ndi maso: makoma adamangira chiyani, mazenera ndi otani, msewu wofika pakhomo ndi watala kapena wafumbi. Chilichonse mwa izi chinali ndi mapointi ake, ndipo kompyuta ndiyo inkawerengera msonkho, zomwe zidachepetsa mpata woti mwini nyumba anong'onezane ndi wantchito wa khonsolo kuseri kwa mpanda. Nyumba zolembedwa zidakwera pafupifupi kawiri n'kupitirira 100,000. Msonkho wa nyumba zamtengo wapatali udakwera kwambiri pamene wa nyumba za anthu osauka udatsika, ndipo apa n'posavuta kudziwa amene adakwiya. Mu 2020 unduna woona za maboma aang'ono udalamula kuti ntchitoyo iime kaye. Meyayu anali wa chipani chotsutsa cha APC, pamene boma la Pulezidenti Julius Maada Bio linali la chipani cha SLPP. Ntchitoyo idadzapitirira pambuyo pake, ndipo iye adasankhidwanso mu 2023.

Kuimitsidwa kumeneko kukutifikitsa pa funso limene opikisana ambiri salikonda, la mphamvu zimene mpandowo uli nazo. Udindo wa meya sufanana m'mizinda yonse. Kwina amasankhidwa ndi anthu onse ndipo amayendetsa khonsolo tsiku ndi tsiku, kwina amasankhidwa ndi makhansala anzake ndipo akhoza kuchotsedwa ndi iwo omwewo, ndipo kwina ntchito yake yaikulu ndi kutsogolera misonkhano ndi kuvala unyolo waulemu pa zochitika, pamene ndalama ndi antchito zili m'manja mwa mkulu wolembedwa ntchito ndi boma. M'mizinda yambiri madzi, magetsi, apolisi ndi misewu ikuluikulu sizili pansi pa khonsolo konse. Munthu akamalonjeza kuthetsa umbava kapena kuzima kwa magetsi pamene lamulo silimupatsa wapolisi ngakhale mmodzi, mwina sadawerenge lamulo la udindo umene akuufuna, mwina adaliwerenga koma akuyesa kuti ife sitidaliwerenge. Zonse ziwiri n'zodetsa nkhawa.

Ku Kampala, lamulo la 2010 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira mzindawo la KCCA n'kuika mphamvu zoyendetsa mzinda m'manja mwa mkulu wosankhidwa ndi Pulezidenti. Mu 2011 anthu adavotera Erias Lukwago kukhala meya, koma amene ankayang'anira ndalama ndi antchito anali Jennifer Musisi, yemwe adachokera ku bungwe lotolera misonkho la dziko la Uganda. Awiriwa adakhala akukokanakokana, makhansala adavota zochotsa Lukwago mu Novembala 2013, nkhani idakalowa m'makhoti, ndipo anthu adamuvoteranso mu 2016 ndi mu 2021. Munthu akhoza kukhala ndi mbali imene akuikonda pa mkanganowo, koma aliyense wofuna umeya wa Kampala amene sanena m'mene adzakhalire ndi mkulu wa KCCA ndiye kuti sadayambe n'komwe kulankhula za ntchitoyo.

Ku Johannesburg vuto lidatulukira mbali ina. Herman Mashaba adalowa m'ndale ali ndi mbiri imene ovota kulikonse amaikonda, ya munthu amene adakulira mu umphawi n'kuyambitsa kampani ya mafuta a tsitsi ya Black Like Me mpaka kulemera. Adakhala meya mu 2016 kudzera m'chipani cha DA, koma popeza kumeneko meya amasankhidwa ndi makhansala ndipo chipani chake chinalibe mipando yokwanira, adadalira mavoti a chipani cha EFF. Mu 2019 adatula pansi udindo atasemphana ndi chipani chake chomwe. Chisankho cha 2021 chitadutsa, mpandowo udasinthana manja kangapo m'zaka zitatu zokha, mpaka kufika kwa Thapelo Amad ndi Kabelo Gwamanda, a chipani cha Al Jama-ah chomwe chinali ndi mipando itatu mwa 270. M'khonsolo yotere, luso lofunika koposa ndi losunga mgwirizano wa anthu osakondana kwa zaka zisanu. Mwini kampani sazolowera zimenezi, chifukwa pa kampani yake wotsutsa amamulembera kalata yomuchotsa ntchito, pamene khansala wotsutsa amabweranso mawa lake atakhala pa mpando womwewo ndi voti yake m'manja. Sindikukana kuti wabizinesi akhoza kukhala meya wabwino, koma bizinesi payokha si umboni, ndipo ndi bwino kumufunsa ngati adakhalapo m'komiti imene adagonja pa voti koma n'kupitirizabe kugwira ntchito ndi omwe adamugonjetsawo.

Wabizinesi mmodzi amene adaonetsa luso limeneli ndi Joko Widodo, yemwe ankagulitsa mipando ndi matebulo asadakhale meya wa Surakarta ku Indonesia mu 2005. Adapeza paki ya Banjarsari itadzaza ndi mavenda pafupifupi 1,000, ndipo aliyense wodziwa mizinda akudziwa m'mene nkhani ya mavenda imathera nthawi zambiri: apolisi amabwera m'bandakucha, mabenchi amaphwanyidwa, katundu amalandidwa, ndipo pakapita masabata awiri mavenda aja amabwerera pamalo pomwepo. Widodo adaitana atsogoleri awo kudzadya naye ndi kukambirana maulendo oposa 50, n'kumvetsera chimene ankaopa, chomwe chinali kutaya makasitomala kumalo atsopano. Khonsolo idawapatsa malo mumsika watsopano wa Notoharjo ndi ziphaso zamalonda, ndipo mu 2006 adasamuka okha pa chionetsero cha chikondwerero. Mu 2010 adasankhidwanso ndi mavoti oposa 90 pa 100 aliwonse. Lonjezo la "mzinda waukhondo" limene timaliombera m'manja pa misonkhano nthawi zonse limakhala ndi mayi wina wogulitsa m'mphepete mwa msewu amene adzauzidwe kuti achoke, ndipo wopikisana woona mtima ayenera kumutchula mayiyo chisankho chisadachitike, n'kunena komwe adzapite ndi chimene chidzakokere ogula kumeneko.

Pokamba za mameya amasomphenya, dzina la Jaime Lerner wa ku Curitiba ku Brazil silisowa, ndipo m'pake. Lerner anali katswiri wojambula mapulani a nyumba ndi mizinda, ndipo asadakhale meya mu 1971 adagwira nawo ntchito yokhazikitsa bungwe lokonza mapulani a mzindawo, kotero kuti adalowa mu ofesi akudziwa kale msewu uliwonse ndi mtengo wa chinthu chilichonse. Mu 1972 adatseka mbali ya msewu wa Rua XV de Novembro kuti ukhale wa oyenda pansi okha. Eni masitolo ankakana poopa kuti malonda afa, ndipo iye adalamula kuti ntchitoyo ithe m'maola 72, iwo asadathe kuiimitsa kudzera kukhoti. Oyendetsa magalimoto atakonza zoti adutsemo mwamakani, adapeza mapepala atayalidwa pansi ndipo ana atakhala pamenepo akujambula zithunzi. Mu 1974 mzindawo udayamba mabasi oyenda m'njira yawoyawo pakati pa msewu, chifukwa sitima yapansi panthaka inali yodula kuposa mphamvu zake, ndipo njira imeneyi yatengeredwa ndi mizinda yambiri pa dziko lapansi. Koma pali mbali imene okonda nkhaniyi amailumpha. Mu 1971 dziko la Brazil linkalamulidwa ndi asilikali, ndipo Lerner adachita kuikidwa pa mpandowo osavoteredwa ndi anthu. Umeya wochita kuvoteredwa adauyamba mu 1989. Choncho wopikisana wa lero akamati adzasintha mzinda m'masiku 100 ngati m'mene zidachitikira ku Curitiba, akumbutsidwe kuti liwiro lija lidatheka mwa zina chifukwa panalibe ovota oti awayankhe. Chimene tingatengere kwa Lerner ndi chizolowezi chake chosankha njira imene thumba la mzinda lingaikwanitse.

Wina akhoza kutsutsa kuti muyeso umene ndikuperekawu ukukondera anthu amene ali kale m'kati, odziwa mabuku a khonsolo, ndipo ukutsekereza munthu watsopano amene mwina ndiye angagwedeze khonsolo yovunda ndi ziphuphu. Akhozanso kunena kuti mzinda sukhala ndi misonkho ndi ngalande zokha, umafunanso munthu wodzutsa mitima ya anthu. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo umboni wake waukulu ndi Antanas Mockus wa ku Bogotá ku Colombia. Mockus anali mphunzitsi wa masamu ndi filosofi, analibe chipani chachikulu pambuyo pake, ndipo atakhala meya mu 1995 adachita zinthu zimene palibe katswiri wa bajeti akanaziganiza. Adalemba ntchito anthu ochita sewero lopanda mawu kuti aziseka oyendetsa magalimoto ndi oyenda pansi ophwanya malamulo a pamsewu, poona kuti anthu ambiri amaopa kuchita manyazi kuposa kulipira chindapusa. Madzi atachepa mumzindawo adaonekera pa wailesi ya kanema akusamba, n'kutseka mpope pamene akudzipaka sopo. Pa ulendo wake wachiwiri wa umeya adapempha anthu kuti mwakufuna kwawo awonjezere 10 pa 100 aliwonse pa msonkho wawo, ndipo oposa 60,000 adalipira.

Komabe nkhani ya Mockus ikaonedwa bwino ikugwirizana ndi muyeso uja. Asadakhale meya anali mkulu wa yunivesite ya boma yaikulu ya dziko la Colombia, malo a ndalama za anthu, odzaza ndi aphunzitsi ndi ophunzira amene sakanatha kungowalamula. Ndipo anthu aja sadawonjezere msonkho chifukwa cha masewero okha. Adawonjezera chifukwa adakhulupirira kuti ndalamazo sizibedwa. Komanso kusintha kwa Bogotá sikudali kwa munthu mmodzi. Jaime Castro, amene anali meya kuyambira 1992 mpaka 1994 ndipo satchulidwa kawirikawiri, ndiye adakonza malamulo oyendetsera mzindawo ndi katoleredwe ka misonkho. Mockus adapeza maziko amenewo n'kusunga bwino chuma, ndipo Enrique Peñalosa, amene adalowa mu 1998, adapeza ndalama zomangira mabasi a TransMilenio omwe adayamba kuyenda mu Disembala 2000. Mockus atabwereranso mu 2001 sadagwetse ntchito ya mnzakeyo pofuna kuyambitsa yakeyake, koma adaipitiriza. Munthu watsopano sakanizidwa ndi muyesowu. Malipoti a ofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha khonsolo ndi ndondomeko ya zachuma ya chaka chilichonse ndi zikalata zimene m'maiko ambiri aliyense ali ndi ufulu woziona, ndipo wofuna mpando amene sadavutike kuzipempha asatiuze kuti kusadziwa kwake ndi chizindikiro cha kuyera mtima.

Nkhani yopitiriza ntchito za amene adalipo kale ndi yofunika kuposa m'mene timaiganizira. Nthawi ya meya mmodzi ndi yaifupi poyerekeza ndi moyo wa paipi ya suweji, malo otayako zinyalala kapena ngalande yaikulu yoteteza dera ku madzi osefukira. Ntchito zotere zimayambidwa ndi wina n'kutsegulidwa ndi wina, ndipo mizinda yambiri ili ndi misika yomangidwa theka ndi maziko omera udzu chifukwa wolowa m'malo sadafune kuti dzina la mdani wake lidzatchulidwe pa mwambo wotsegulira. Bungwe la United Nations lidawerengera mu 2018 kuti anthu 55 pa 100 aliwonse pa dziko lapansi amakhala m'mizinda, ndipo chiwerengerocho chidzafika 68 pofika 2050, kukwera kwakukulu kukuchitikira ku Africa ndi ku Asia. Mzinda umene ukukula mothamanga choncho ulibe ndalama zoyambiranso chilichonse zaka zisanu zilizonse.

Pa mtsutso wa ofuna umeya, wofunsa mafunso asamathere nthawi pa funso lakuti masomphenya anu ndi otani, chifukwa yankho lake adaliloweza kale. Afunse kuti chaka chatha khonsolo idatolera ndalama zingati payokha, ndipo mwa ndalamazo ndi zingati zidapita ku malipiro a antchito. Afunse kuti ndi ndani amene ali ndi ngongole yaikulu ya msonkho wa malo, ndipo wopikisanayo adzatani ngati wangongoleyo ndi nthambi ya boma kapena munthu amene adathandiza kulipira kampeni yake. Afunsenso ntchito imodzi ya meya wotuluka imene iye adzaimalize ngakhale adaitsutsa pamene inkayamba, ndi lonjezo limodzi la m'kabuku kake lomwe adzalisiye ndalama zikadzapezeka kuti zangokwana theka. Wopikisana akayamba kuzungulira, wofunsayo abwereze funsolo kachiwiri, ndipo omvera akhale ndi mwayi woona kutalika kwa nthawi imene ikudutsa asadatchule nambala.